Kawotchi ka Akafukufuku pa Mkono wa Achemwali

Malemu, omwe kwa ine ndi achemwali anga, anabadwa pa 14 Ogasiti 1961. Anali oyamba m'banja la ana anayi. Ine ndine chitsirizira, ndipo abale andituma kuti ndiwerenge mbiri yawo. Ndipepeseretu kwa alendo ena omwe dzulo anandipempha kuti ndime zina ndizidumphe. Ine ndiwerenga zonse monga tinagwirizana pabanja.

Sukulu anayamba mu 1968. Kuyambira ali aang'ono, manja awo sankatha kukhala phee. Ali sitandade 5 anamasula wailesi ya bambo athu, n'kuibwezeretsa tizitsulo tiwiri titatsala patebulo. Wailesi inalira bwinobwino, koma amene anakwapulidwa ndine, chifukwa tizitsuloto anatipeza m'thumba langa.

Mu 1983 anamaliza maphunziro a uphunzitsi ndipo anayamba kuphunzitsa sayansi ku sekondale. Ana asukulu anawapatsa dzina loti Mayi Mawaya, poti m'chikwama chawo, momwe amayi anzawo ankasungamo kalilole ndi mafuta odzola, iwo ankasungamo mabatire, mababu ndi mawaya. Dzinalo analikonda. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu wophunzira sayansi sanganame, ndipo ukawatsutsa pamenepa unkachoka makutu akuwawa.

Mu 1987 anamanga banja ndi alamu athu, atelala, omwe akhala kutsogoloku. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu. M'nyumba mwawo ntchito anagawana bwino: batani likathothoka zinali za alamu, babu likapsa zinali za malemu. Mpaka chaka chino, foni ya alamu ikangozima ankaiika patebulo n'kudikira kuti akazi awo abwere.

Mu 2019 kuchipatala anawapeza onse awiri ndi matenda othamanga magazi, koma mtima wa malemu unalinso ndi vuto lodumphadumpha. Mwezi uliwonse ankatengana kupita kukayezetsa, n'kuima pamzere osadandaula. Mu 2021 malemu anapuma pantchito.

Mu 2022 kuchipatala komweko kunafika anthu a bungwe lina lochita kafukufuku. Anabwera ndi kachipangizo kovala pamkono, kooneka ngati kawotchi. Anafotokoza kuti kawotchiko kamamva kugunda kwa mtima usana ndi usiku, n'kumatumiza uthenga kudzera pa foni kupita ku makompyuta a ku ofesi kwawo. Analonjeza kuti kumeneko kuli akatswiri oyang'anira, ndipo mtima wa munthu ukangoyamba kuvuta amuimbira foni iye mwini asanamve kanthu. Ananenanso kuti kanyali kobiriwira ka pa kawotchiko kakamayaka, munthu akhazike mtima pansi.

Malemu analembetsa tsiku lomwelo. Analembetsanso alamu, n'kuwaveka okha kawotchi kawo. Kenako anayenda khomo ndi khomo kukopa anzawo opuma pantchito ndi oyandikana nawo nyumba, mpaka anthu oposa makumi awiri analowa m'kafukufukuyo chifukwa cha mawu awo. Ine nditakayikira anandinena kuti ndine mbuli yoopa magetsi. Kuyambira pamenepo zoima pamzere kuchipatala anazisiya, poti ankati madokotala akuyenda nawo pamkono.

Tsopano ndafika pa ndime zomwe ndinapemphedwa kudumpha. Mu Malichi chaka chino cha 2024, akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta a bungwelo n'kutenga mayina, manambala a foni ndi zonse zokhudza matenda a anthu. Akafukufuku atazindikira, anazimitsa makompyuta onse olandira uthenga wa timawotchi. Kuberedwa si mlandu, aliyense amaberedwa. Chonyansa n'chakuti sanauze munthu ngakhale mmodzi. Timawotchi tinapitiriza kuyaka pamikono ya anthu, chifukwa kanyali kobiriwirako, monga tamva mochedwa, kamayaka malinga batire lili ndi moto.

Mu Epulo malemu anayamba kulandira mafoni a anthu osawadziwa. Anthuwo ankawatchula dzina, kuwatchulira matenda awo, n'kumawatsatsa mankhwala. Iwo ankangoseka, kuganiza kuti ndi anzawo a akafukufuku aja.

Mu Juni miyendo inayamba kutupa. Akakwera masitepe atatu a pakhonde ankaima kaye kugwira chipilala. Ana anawachonderera kuti apite kuchipatala, ine ndinafika powakalipira, koma iwo ankangokweza mkono kutionetsa kanyali kaja. Ankati kukanakhala vuto akatswiri akanaimba kale, ndipo si bwino kukasokoneza madokotala ndi kutopa wamba kwa ukalamba. Achemwali anga sanali opusa. Anali munthu amene anauzidwa mawu ndi anthu ophunzira, nawasunga.

Pa 2 Okutobala anagwa ali kukhitchini ndipo tinathamangira nawo kuchipatala. Dokotala atawayeza anatifunsa komwe tinali miyezi yonseyi, popeza mtimawo unayamba kufooka kalekale ndipo akanabwera msanga akanathandizika.

Mwana wawo woyamba, wamkazi, anapita ku ofesi ya bungwelo kukafunsa chifukwa chomwe sanaimbire foni. Anapeza makompyuta ataphimbidwa ndi nsalu, fumbi lili mbuu. Mkulu wa kafukufukuyo anamupatsa mpando, n'kumufunsa ngati amamwa tiyi wa mkaka. Kenako anamufotokozera mofatsa kuti ankadikira msonkhano wa akuluakulu awo, chifukwa nkhani ya akubayo ikanamveka msanga, kafukufuku akanaipa mbiri. Mwanayu akuti bamboyo ankayankhula akumwetulira.

Tinakangana pabanja ngati tiwauze malemu kapena ayi, koma iwo anafunsa okha ndipo mwana wawo sanawabisire. Sanatukwane munthu. Anavula kawotchiko, n'kupempha foni yawo kuti aimbire mmodzimmodzi onse amene anawakopa, awauze kuti apite kuchipatala. Mawu ankatuluka movutikira, koma anakana kuti tiwaimbire, ati amene analowetsa anthu m'zimenezi ndi iwo. Anakwanitsa kuimbira owerengeka chabe mphamvu zisanawathere. Anatisiya pa 9 Okutobala, ali ndi zaka 63.

Dzulo akafukufuku anafika pano pagalimoto yawo. Nkhata yaikulu kuposa zonse mukuiona apoyo ndi yawo. Atatipepesa, ananditengera pambali n'kupempha zinthu ziwiri: kuti tiwabwezere kawotchi ka malemu, ati ndi katundu wa bungwe, komanso kuti nkhaniyi isatchulidwe pamaliro pano. Pempho limeneli anapempha bokosi lili m'nyumba, ana akulira, iwo maso ali gwa. Kawotchi kawo tawaikira mu envulopu, akatenge pochoka. Pakamwa pathu pokha si katundu wa bungwe.

Sitikudana ndi sayansi. Malemu anaiphunzitsa zaka zoposa makumi atatu, ndipo anamwino awiri amene anawasamalira m'masiku awo otsiriza anadutsa m'kalasi mwawo. Tikunyansidwa ndi anthu amene anaika mbiri ya ofesi yawo patsogolo, n'kusiya odwala akudikira foni yomwe iwo ankadziwa kuti sidzalira.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zisanu, ndi ife abale awo awiri, popeza achimwene athu anatsogola kale. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino a ku wodi ya amayi, aneba amene anatipatsa galimoto tsiku lomwe anagwa, aphunzitsi anzawo, ana awo asukulu omwe mwabwera mwaunyinji, ndi nonse amene mwatikhazika mtima pansi masiku ano.

Chatsala ndi ntchito imene achemwali anaisiya panjira. Ndikaponya maso m'gulumu ndikuona mikono ingapo ikuwala zobiriwira. Inu amene foni ya malemu sinakupezeni, uthenga wawo ndi uwu: kumapeto kwa kawotchi kanuko kulibe munthu. Musadikire kuti miyendo itupe. Pitani kuchipatala sabata ino, mukaime pamzere, dokotala akakugwireni ndi manja.

Ndipo inu alamu, ndikhululukeni kuti ndikunenereni pagulu, kunyumba mwatikanira. Mukuti simungavule kawotchi kanu chifukwa anakuvekani ndi akazi anu. Tamva, ndipo sitikukakamizani. Valani ngati chikumbutso. Koma nanunso masiku ano mukumaima pamasitepe omwe aja kugwira chipilala, ndipo ana akuonani. Tikachoka kumanda ndigona kwanu, mawa m'mawa ndikukutengani kuchipatala. Ana awa sangaike mayi ndi bambo chaka chimodzi.

Achemwali, amene munatsala nawo osawaimbira tawauza. Mzimu wanu uuse mumtendere.