Phula pa Dzino la a Oddvar

Pa chilumba chathu chino cha kumpoto kwa Norway, munthu akafuna dzino loikirira amakwera ndege kupita ku Poland, ati kumeneko ndiye kuli madokotala enieni, choncho Ragnhild Tveit, dokotala wa mano amene anakwatiwa kuno chaka chatha, ankadziwa kuti dzino limodzi lokha mwa mano amene anaika likagwedera, basi ntchito yake yathera pomwepo. Tsono m'mawa wina a Oddvar, mkulu wokhoma maboti a matabwa, anakhala pampando wake tsaya litatupa ngati abisamo mbatata, ndipo atangoyasamula, mayiyo anabwerera m'mbuyo.

"A Oddvar, mwadya chiyani?"

"Buledi ndi nsomba."

"Ndikunena fungoli. M'kamwa mwanu mukununkha ngati kudoko."

"Ndachokera kudoko."

Ragnhild anakokera nyale pafupi n'kusuzumira. Dzino lija analiika yekha, mwaluso, pa kachitsulo kopota kolowa m'fupa la nsagwada. Koma lero pamene dzinolo limakumana ndi kachitsulo panali chinthu chakuda bii, cholimba, chitazungulira ngati mphete, usinini uli psuu. Mtima wake unawawa. Ntchito imeneyi sinali yake, ndipo anadziwiratu kumene yachokera.

"Munapita ku Poland," anatero, mawu ali ozizira.

"Ndinapitako."

"Ndimadziwa ine. Liti?"

"Ndili mnyamata. Tinakatula nsomba."

"A Oddvar, ndikufunsa za dzinoli. Waligwira ndani?"

"Palibe waligwira."

"Palibe? Nanga ichi chamera chokha?"

"Ndi dzanja palibe waligwira. Munanena nokha kuti zala zimakhala ndi tizilombo."

"Ndiye analigwira ndi chiyani?"

"Kamtengo ka machesi."

Ragnhild anaika pansi kagalasi kake pang'onopang'ono, monga amachitira munthu amene akuopa kuti akakagwirabe akaponyera wina. Mayi ameneyu akagwira mfundo sataya, apongozi ake amadziwa. Anawauza a Oddvar kuti sadzuka pampandopo mpaka atatchula chigawenga chimene chikulowa m'kamwa mwa anthu ndi machesi, ndipo kuti iye akachinenera yekha ku boma. A Oddvar anangogwedeza mutu, manja atapinda pamimba, ngati akumvera nyengo pa wailesi.

"Ndi dokotala?"

"Ayi."

"Ali ndi mapepala?"

"A boti ali nawo."

"Sukulu anapitako?"

"Pang'ono. Sanagwirizane nayo."

"Ndiye inu, munthu wamkulu wa imvi zanu, munamuyasamulira pakamwa?"

"Panalibe kuchitira mwina. Pakamwa potseka sakanaona."

"Amakhala kuti?"

"Kunyumba kwanga."

Apa Ragnhild anakhala pansi. Anaganiza za mayi Gunvor, mkazi wa a Oddvar, mayi waukhondo amene amachapa ngakhale mbendera.

"Mayi Gunvor akudziwa kuti mukusunga munthu wotere?"

"Akudziwa. Amagona naye."

"A Oddvar!"

"Amadandaula kuti amaliza mkonono, koma anazolowera."

Kunja mbalame za kunyanja zinkakangana pa denga. Ragnhild anayang'ana nkhope ya mkuluyo, kenako manja ake, zikhadabo zakuda bii ngati mphete ija. Anafunsa motsitsa mawu ngati munthuyo anali iwo eni.

"Ndine."

"Bwanji osanena kale?"

"Simunandifunse. Inu mumafuna wa ku Poland."

Anawapempha afotokoze, ndipo anafotokoza bwinobwino, mosathamanga, ngati akuphunzitsa mwana kumanga mfundo. Anati tsiku lomwe anawaika dzinolo, dokotala anawaonetsa chithunzi, n'kuwauza kuti polumikizira dzino ndi kachitsulo pamatsala kampata koti diso silingakaone, ndipo tizilombo tikalowamo timadya fupa mpaka dzino kugwedera. Mawu amenewo sanawagonetse. Iwo akhala akulumikiza matabwa moyo wawo wonse, ndipo sanamvepo zoti munthu amadziwa kuti pali mpata n'kungousiya.

"Ndinakupatsani kamswachi," anatero Ragnhild. "Ndinati muzitsuka polumikizirapo tsiku lililonse."

"Munatero. Munanenanso kuti pasamalowe kanthu."

"Inde, potsuka."

"Adokotala, boti likamalowa madzi simulitsuka. Mumalimata."

"Pakamwa si boti."

"M'monyowa mofanana."

Ndiye anati Loweruka lija la dima, mudzi wonse utatsikira kudoko kukapaka maboti phula monga tichitira chisanu chikatha, mphika uli pamoto, iwo anaona kuti mwayi ndi womwewo. Anatenga ulusi wotsukira mano, kuuviika m'phula la paini, kuukulunga kuzungulira dzino, n'kuukankhira mkati ndi kamtengo ka machesi mpaka utakhala thina.

"Phula lotentha, m'kamwa?"

"Lofunda. Ine si wopusa."

Ragnhild anatseka maso kaye. Atatsegula anatenga kachitsulo kosongoka n'kukhudza m'mphepete mwa mphete ija. A Oddvar anadumpha pampando. Pansi pake panatuluka mafinya.

"Mwaona? Tizilombo tinalimo kale, m'zakudya zotsalira. Inu mwatitsekera mkati, pofunda, pamodzi ndi chakudya chake. Mwatimangira nyumba."

A Oddvar anaganiza kaye, lilime likuyendayenda m'tsaya.

"Katsopano kalowamo?"

"Kangalowe bwanji? Mwamata ponseponse."

"Nanga kakale katulukamo?"

"Ngakhale kamodzi."

"Ndiye ntchito yagwira," anatero, nkhope ikuwala. "Silikudontha."

"Likuwola!"

"Zimenezo ndi za mkati. Zamkati ndi zanu, adokotala. Ine ndinagwira zakunja."

Kunena zoona, ngakhale anapsa mtima, Ragnhild anamva mtolo ukutsika pa mapewa ake. Dzino silinalakwe. Kachitsulo sikanalakwe. Iye sanalakwe, ndipo palibe wa ku Poland amene anakonza ntchito yake. Kunali kupusa kwa nkhalamba imodzi basi, ndipo kupusa kwa munthu mmodzi kumachizika. Anajambula nsagwada ndi makina ounikira mafupa, napeza kuti fupa ladyeka pang'ono chabe. Anawauza kuti amasula dzinolo, apala phula lonse, atsuka, n'kudikira kuti usinini uphwe, ndipo mwina kachitsulo kapulumuka.

"Mupala lonse?"

"Lonse."

"Linali phula labwino. Lophika ndekha."

"Yasamulani."

Anagwira ntchito mpaka thukuta, chifukwa chilungamo chake n'chakuti mkuluyo kumata amadziwa. Phula linkachoka tizidutswa, ulusi ukutuluka wautali ngati sutha. A Oddvar ankangoti "aaa" mwaulemu, maso ali kudenga. Atamaliza, Ragnhild anavula magolovesi, nakhala moyang'anana nawo. Anadziwa kuti pa chilumba pano nkhani imafika tsidya lina mwini wake asanavale jekete, ndipo ikamafika kumeneko sidzakhala ya phula ayi, idzakhala yoti mano a mkazi wa ku Tveit amatupitsa tsaya.

"A Oddvar, ndikupempheni. Izi zithere m'chipinda muno."

"Zithera muno."

"Osauza munthu. Ngakhale kudoko."

"Ine sindidzitama ndi ntchito yanga."

"Zikomo. Dzina langa lili pa mano amenewa. Wina akangoona tsaya lotupa, mawa onse akwera ndege."

"Ndikumvetsa. N'chifukwa chake ndinakuthandizani."

"Chabwino. Ineyo ndiwaimbira onse amene ndinawaika mano, ndiwakumbutse za kamswachi. Ndiwauze kuti polumikizira pamafuna kusamala, osatchula dzina lanu."

A Oddvar anatsika pampando, natenga chipewa chawo, tsaya lili ndi thonje. Pakhomo anatembenuka ndi nkhope ya munthu amene wabweretsa mphatso ndipo wakhala akudikira nthawi yabwino yoti aipereke.

"Musavutike n'kuimba, adokotala. Linali tsiku la dima, ndipo phula linatsala. Onse ndinawamata, kuyambira apongozi anu."