Matayala Osemedwa ndi Mpeni

Inu amene mumatiwerengera nkhani pa wailesi, ndine mayi wa ku Masambanjati ku Thyolo, ndipo ndilibe kolirira kwina.

Amuna anga atapuma pa ukapitawo ku esiteti ya tiyi, anagula kagalimoto konyamulira nthochi. Matayala ake atatha, anapita ku Limbe n'kubwerako ndi akaunjika, onyezimira, a mizere yakuya.

"Mayi, taonani! Otchipa, koma ngati atsopano," anatero akumwetulira. Inenso ndinaomba m'manja.

Lachisanu lina kunali chiperoni. Iwo ankafulumira kuti Sabata lathu, loyamba Lachisanu dzuwa likalowa, lisawapeze panjira. Akutsetsereka pakati pa minda ya tiyi, tayala lakutsogolo linaphulika, galimoto n'kugubuduzika.

Makaniko anandionetsa tayalalo. Linali lakale, lotheratu. Wogulitsa anachita kusema mizereyo ndi mpeni wamoto, n'kulipaka polishi wa nsapato.

Lero amuna anga sayenda. Ndimachita kuwatembenuza ngati khanda, nthochi zikuolera m'munda. Anzanga omvera, tayala musamagule poona kunyezimira; tenganani ndi wodziwa.

Tsopano Sabata lililonse limawapeza ali pakhomo, monga ankafunira. Koma kutchalitchi ndimapita ndekha.