Njinga ya Pinki Kuseri kwa Kabati

— Halo?

— Halo, achemwali! Mwandiflasha katatu konse. Kwagwanji?

— Kuflasha ndi mlandu? Mayunitsi ali ndi inu olemera. Wadzuka bwanji, mlongo wanga?

— Ndadzuka bwino, kaya inu?

— Tadzuka. Alamu ali bwanji? Mutu uja unaleka?

— Unaleka, angotuluka kumene.

— Nanga kamwana kako, Adona?

— Adona ali bwino, akulamula nyumba monga mwa masiku onse. Nanga mnyamata wanu, Injiniya, bwanji? Sanamasulenso wailesi?

— Wailesi anaipatsa tchuthi. Ali bwino. Ntchito ya magetsi ikuyenda?

— Ikuyenda. Inunso ndikumva makina akulira, mukusoka?

— Nyengo ino aliyense akufuna diresi la Khrisimasi, koma ukati ndalama, "ndibwera mawa". Halo? Ukundimva?

— Mukumveka patali. Taimani pakhomo paja pamagwira netiweki.

— Ndaima. Tandiuza, Adona wawagulira chiyani chaka chino?

— Aa, tating'ono. Nsapato zija zimayaka ukaponda, ndi chidole cholankhula.

— Cholankhula! Mwini wakeyo kulankhula kwamuchepera?

— Mwayambatu.

— Nanga galimoto ya limoti ya chaka chatha ili kuti? Ija unati mtengo wake ndisauze munthu?

— Ija inachita ngozi.

— Ngozi yanji? Anaisambitsa m'beseni ndi sopo, tsiku lachiwiri lomwe. Iwe ndalama zako zikangomva nyimbo za Khrisimasi zimamera mapiko. Ife bambo ankatigulira sokosi, tinafa?

— Inu simunafe, koma ine ndinkaima pazenera la sitolo mpaka mlonda kundithamangitsa. Ndinalumbira kuti wanga sadzasirira cha mwini.

— Ndiye mpaka njinga pamwamba pa zonsezi? Alamu akudziwa?

— Tsitsani mawu! Anati chaka chino mphatso ziwiri basi, ndikapitirira ndikagona pakhonde. Mukuyesa ndinaibisiranji kwanu? Mwezi wonse ndakwera madenga a eni ake, ndi Lamlungu lomwe, kufuna njinga imeneyo.

— Eya... za njingayo ndiye ndimakufunira.

— Yabedwa?

— Ayi, ili pomwe unaisiya, kuseri kwa kabati, bulangeti lili pamwamba.

— Nanga?

— Injiniya waiona.

— Aa, basi? Mwandidula mtima chabe. Muuzeni asaulule kwa Adona, ndidzamugulira masiwiti.

— Sunandimve. Akuyesa ndi yake.

— Yake bwanji? Ndi ya pinki! Ili ndi kabasiketi kutsogolo, timaliboni m'mahandulo...

— Tandimvera kaye. Sabata yonseyi ndimadabwa, mwana akutsuka mbale osatumidwa, akusesa tinsalu pansi pa makina, akuzimitsa magetsi akamatuluka. Ndinafika pomugwira pachipumi, kuti mwina watentha thupi. Kenaka ndikuvundukula bulangeti, njinga ili mbee, fumbi ngakhale pang'ono. Amaipukuta ine ndikapita kogula ulusi, n'kuifunditsanso.

— Sanaikwere?

— Ngakhale belu sanaliza. Dzulo ndiye ndinamumva kuseri kwa zenera akuuza mnzake. Akuti, "Amayi ankati ndalama kulibe, kani amasungira njinga yanga. Ndi ya pinki, koma usadzaseke, amayi sadziwa za njinga."

— Hahaha! Wakunyozani pamenepo!

— Seka, ukali ndi mano. Akutinso tsiku lolandira adzachita ngati wadabwa, kuti ine ndisakhumudwe. M'mawa uno ndamupeza pagalasi la makasitomala akuyeserera kudabwako. Manja kumutu, pakamwa yasa.

— Ayi, achemwali, mukunama!

— Ndinamirenji? Atandiona anati akuyang'ana dzino logwedera.

— Koma mwana ameneyu... Nanga inu munamukonzera chiyani?

— Shati. Ya nsalu zotsala za makasitomala, kolala mtundu wina, matumba mtundu wina. Ndi zomwe ndakwanitsa chaka chino, lendi yandifinya. Ndikuopa, mlongo wanga. Ndayesa kawiri kuti ndimuuze, koma ndalephera. Ubwere udzaitenge iye atapita kosewera, zotsalazo ndiona ndekha. Kapena udzamuuze ndiwe, paja amakumvera.

— Mmm.

— Halo? Yathawanso netiweki?

— Ndilipo. Kodi akaima pambali pake, mpando ukumufika pati?

— Ukumuchepera pang'ono. Ukufunsiranji?

— Mpando umakwezeka. Sipanala ali nayo, si anandibera yanga ija?

— Iwe, usayambe. Sindinakuflashire kuti ndikupemphe njinga.

— Ndani wati mwapempha? Njingayo munagula ndinu. Mboni ilipo kale, mnzake uja wa pazenera.

— Thukuta lako la mwezi wonse? Nanga Adona?

— Adona sanaione, sakuidziwa. Ali ndi mphatso ziwiri, monga analamulira mayi ake. Chikwatirire, aka n'koyamba kukhala mwamuna womvera. Mwandipulumutsa ku udzudzu wa pakhonde.

— Ukudziwa kuti sindingakubwezere?

— Mubweza. Adona muwasokere diresi, lamatumba, paja amatolera timiyala. Koma osati kolala mtundu wina, ndikukudziwani.

— Chitsiru iwe.

— Ndiye Loweruka ndibwera ndi mphatso ya amalume. Kachitini ka penti wakuda ndi bulashi. Apente yekha, anzake asamuseke. Kabasiketiko asachotse, muzimutuma ulusi.

— Mlongo wanga... iwe...

— Achemwali? Mukulira?

— Ndalira liti? Ndabayidwa ndi singano.

— Mwaima pakhomo, singano yachokera kuti?

— Ili pa bulauzi. Usandifunse ngati wapolisi.

— Chabwino. Koma shati ija mumupatsenso, ayambe kuvala imeneyo asanavundukule bulangeti. Iii, foni yalira, mayunitsi akutha!

— Olemera amathanso mayunitsi?

— Ndalama zonse zili kuseri kwa kabati yanu. Tamverani, tsikulo mudzandijambulire kudabwa kwakeko, ndione ngati galasi linamuphunzitsa bwino. Inunso muyambe kuyeserera, nkhope ya munthu wogula njinga. Alamu anu musawau...

— Halo? Dikira kaye, sindinakuthokoze! Halo? Halo?... Iwe mwana iwe.