Tsiku limene amayi anapempha juzi

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Azimayi, azibambo, ndakupatsani ulemu. Ndine Fanuwelo, uja wodulira tiyi. Ena mumandidziwira ndewu. Sekani, sindikana. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, zibakera ndiye ndinapitiriza. Koma lero ndabwera ndi umboni wa juzi.

Amayi anga amathyola tiyi. Chimwalirireni bambo, atilera ndi dengu kumsana, ndipo nyumba ya pa esiteti imene timagonamo ili m'dzina lawo. Ntchito yawo ikatha, nyumba yathanso.

Chaka china anawachita opaleshoni. Anali ndi zotupa, ndiye madokotala anachotsa chiberekero pamodzi ndi timatumba ta mazira. Bala linapola bwinobwino. Tinathokoza Mulungu muno momwemuno. Sitinadziwe kuti moto ukubwera.

Moto, abale! Inu mumachidziwa chiperoni cha kuno ku Thyolo. Nkhungu, kamvula kowaza, zala kuuma mpaka kukanika kuthyola nsonga. Aliyense juzi, pulasitiki pamwamba. Amayi anga okha kuvula juzi, kuvula duku, thukuta kamukamu. Ndinaona ndi maso angawa nthunzi ikufuka pamutu pawo pakati pa munda. Tulo osagona. Kuiwalaiwala. Kulira popanda wowaputa. Ku kiliniki kuyeza malungo, osawapeza. Kuyezanso, osawapeza.

Anthu anayamba manong'onong'o. Ena amati alawirira kachasu. Ena amati moto wotere si wa munthu wabwino. Tsiku lina pasikelo kapitawo anatukula dengu lawo ndi chala chimodzi.

"Mayi, masambawa mwaumitsiratu ndi thupi lanu? Tingokutumizani ku fakitale, tisamavutike ndi nkhuni."

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Ndinamugwira pakhosi, anzanga kuchita kundikoka. Madzulo uthenga unafika: mayiyu dengu lake lapepuka, mwana wake ndi wandewu, zikapitirira asamuke.

Ndinawapeza amayi pakhonde, juzi ili pansi.

"Fanu, ine mwina ndikupenga. Undiperekeze kumudzi kwa Mphuka, ndisakuchititsenso manyazi."

Abale, ndikanamenya ndani pamenepo? Mdani sindimamuona. Ndinagwada kuseri kwa nyumba, ine wosadziwa kupemphera, ndikuti: Ambuye, ndionetseni chimene chikuwotcha amayi anga.

Mayi wina wa mumpingo muno anatilangiza kuti tibwerere kumene anawachita opaleshoni. Tinakwera minibasi pa Luchenza. Kuchipatalako anamwino anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Achimwene, tulukani. Izi ndi za azimayi."

Mutu unayamba kuwira. Ndisanatsegule pakamwa, amayi anandigwira dzanja.

"Musiyeni akhale. Mwana wamkazi ndilibe. Zofunda zanga zonyowa amayanika ndi iyeyu."

Ndinakhala, maso pansi, kumva zimene mwana wamwamuna samamva kwa mayi wake. Adokotala, mzimayi ndithu, anafunsa zambiri, kenako anati:

"Mayi, simukupenga. Timatumba tinachotsa tija sitimangosunga mazira. Timapanganso timadzi totchedwa esitirojeni, timene timathandiza pa kutentha kwa thupi, tulo, ngakhale mafupa. Mzimayi akamasiya kusamba, timachepa pang'onopang'ono. Kwa inu tinatha kamodzin'kamodzi, ndipo msinkhu wanu wosiya kusamba unali usanakwane. Tiyesa kubwezeretsa."

Anawayeza BP, anawapima mabere, anafunsa za matenda a kumtundu, chifukwa akuti mankhwalawa sapatsa aliyense. Atatero anatulutsa mapilitsi. Abale, kapilitsi kake! Njere ya therere ikukula.

"Adokotala, moto wonse uja, kameneka?"

"Kameneka, achimwene. Nanga mumafuna cha saizi ya njerwa?"

Ine ndinkakhulupirira zinthu zikuluzikulu, chibakera, chikwanje, kukalipa. Osadziwa kuti Mulungu anabisa m'thupi la munthu timadzi tosaoneka ndi maso, ndipo tikasowa, mzimayi wamphamvu ngati amayi anga amagwa. Ndani anayeza mlingo wake? Ndani anapatsa anthu nzeru yokatipeza ndi kutiika m'kapilitsi?

Sizinasinthe tsiku limodzi, ndisaname. Koyamba kunabwera tulo. Kenako kuseka. Kenako dengu linayamba kulemera, nkhani yosamuka inazilala yokha.

Ndiye m'mawa wina chiperoni chitagwa, ndikunola mpeni wodulira, ndinamva mawu m'nyumba.

"Fanu! Juzi yanga ija unaika kuti? Kukuzizira bwanji lero!"

Mpeni unagwa. Kukuzizira! Amayi anga akumva kuzizira ngati munthu aliyense! Ndinalira, ine Fanuwelo. Iwo kudabwa: "Iwe, wadzicheka?"

Lero tikadali m'nyumba yomweyo. Amayi amamwa kapilitsi kawo, amapita kukapimitsa adokotala akawaitana. Kapitawo uja timapatsana moni. Mutu wanga umawirabe nthawi zina, muzindipempherera.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza adokotala aja, ndi inu amayi amene munatilozera njira. Amene ankati moto uja ndi wa ufiti, tayang'anani benchi lachiwiri uko. Amayi, taimirirani akuoneni. Juzi avalayo, abale, yamangidwa mabatani mpaka m'khosi. Aleluya!