Agogo a Lorna ndi Wodwala Wawo wa Pakapeti

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1954 ku Dauphin, m'banja la Bambo ndi Mayi Hrycak, alimi a tirigu. Ine ndine Taras, mdzukulu wa malemu. Kuyankhula pagulu sindinazolowere, choncho mundikhululukire.

Mayi Lorna anamaliza sekondale mu 1972, nakaphunzira unamwino ku Winnipeg. Pa 9 Ogasiti 1978 anamanga banja ndi Bambo Orest Maksymchuk, okonza mathirakitala. Anatumikira m'chipinda cha odwala mwakayakaya mpaka mu 2015, pomwe anapuma pantchito.

Mliri utabuka mu 2020, anamwino ozolowera katemera ndi mabala anauzidwa kuti akasamale anthu opumira makina. Agogo anapemphedwa kuwaphunzitsa pa intaneti ali kunyumba. Phunziro lovuta linali la kutembenuza wodwala chafufumimba osazula paipi yopumira. Poti chidole chophunzitsira panalibe, ankagoneka agogo aamuna pakapeti, atawamata kapaipi kothirira maluwa pachibwano. Akaseka, malemu ankati, "Orest, khala phee, wakomoka iwe!" Agogo aamunawo ankayankha ali chigonere kuti, "Zaka zonsezi wakhala ukundigubuduza, lero wachita kuitana mboni."

Lamulo lawo linali limodzi: musanamukhudze wodwala, weramirani pakhutu pake, mumutchule dzina, mumuuze zomwe mukufuna kuchita, ngakhale atakomoka. Ophunzira awo sanakumane nawo maso ndi maso. Agogo ankangoona tinkhope totopa pakompyuta, ndipo nthawi zina ankadandaula kuti mwina akuyankhula ndi khoma.

Pa 16 Januwale 2024, akucheza kwa achemwali awo kumpoto pamodzi ndi agogo aamuna, anagwidwa chibayo nagonekedwa pa kachipatala ka mabedi khumi. Chipale chofewa chinatseka msewu, ndege nayo inalephera kutera. Mayi anga, a Halyna, mwana wawo yekhayo, anali ku Regina. Adokotala anawaika agogo paipi yopumira, koma ananena kuti mpweya ukucheperachepera, mwina mayi anga sawapeza amoyo.

Namwino wa tsikulo, Mayi Shanelle Beardy, anayang'anitsitsa agogo aamuna nati, "Bambo, si inu a pakapeti aja?" Kenaka anaitana anzawo anayi. Agogo aamuna akuti anaona mayiyo akuwerama pakhutu pa akazi awo, n'kunena chapansipansi, "Mayi Lorna, ndine Shanelle. Tikutembenuzani tsopano. Paipi ndagwira ine." Anawatembenuza monga momwe eniake ankachitira pakapeti paja, ndipo mpweya unayamba kukwera.

Anatero masiku atatu, mpaka msewu unatsegulidwa. Mayi anga anawapeza ali maso. Anagwirana manja tsiku lathunthu, ndipo malemu anatisiya pa 21 Januwale, ali ndi zaka 69.

Asiya amuna awo Bambo Orest, mwana wawo a Halyna, achemwali awo a Nadia, ndi adzukulu atatu. Tikuthokoza a mpingo, amayi amene aphika chakudya cha lero, ndi amene anakolopola chipale panjira ya kumanda. Mayi Beardy, mwayenda ulendo wa maola asanu ndi anayi kudzakhala nafe. Agogo sankayankhula ndi khoma.

Agogo a Lorna, ndine Taras. Tikukakugonekani tsopano. Muuse mumtendere.