Kamizola Yomwe Ndinaipinda Nkhata

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukupezeni kumene muli. Ine ndine mayi a Rozita, ndimalima kachewere kufupi ndi Fonte Boa. Ndikuuzeni za mwendo wa amuna anga umene unatsala pang'ono kudulidwa chifukwa cha mpira ndi makani. Ndikamaifotokoza nkhaniyi mtima umawirabe, mundikhululukire.

Amuna angawo ndi a Jeronimo, koma kuno aliyense amawaitana kuti Mcheki. Zinayamba ndi kamizola yofiira ya pakaunjika imene anagula ku Kalomwe, yolembedwa kumsana dzina la wosewera mpira wina wa dziko la Cheki. Dzinalo lilime langa linalikana mpaka lero. Koma iwo, kalanga ine! Anamufufuza pa foni mpaka kumudziwa kuposa ana awo. Akuti anayambira m'kaekipa ka kwawo, kenako anamutenga a ekipa yaikulu ya ku likulu, n'kukagulidwa kunja, n'kumasewereranso dziko lake. Muwafunse kalasi imene Rozita ali, ayang'ana kudenga. Bambo wa ana, mbewu ikudikira kumunda, iwo ali ku kampu, bwalo la mpira, kuthamangitsa chikopa, ati nawonso tsiku lina anthu adzawaona.

Tsoka linawapeza ku Domwe, kumene ekipa ya m'mudzi mwathu inakasewera. Wina anawaponda pansi pa bondo, anabwera nawo atawanyamula. Anzawo m'malo mopita nawo kuchipatala anagwirizana kuti a ku Domwe anakwirira mankhwala pagolo. Basi, n'kukaitana munthu wodzawatema mphini, anawapaka zakudazakuda n'kumanga ndi sanza. Apongozi anga nawo anavomereza kuti choipa chituluka ndi magazi.

Chinatuluka n'chiyani? Mwendo unatupa ngati dzungu, mphini zija zinayamba kutulutsa mafinya, fungo linadzaza nyumba. Thupi linali moto. Ndinkawachonderera m'mawa ndi madzulo kuti tiyeni kuchipatala ku Ulongwe, koma yankho linali limodzi: «Kumeneko amadula. Ndidzasewera bwanji?» Munthu akuwola ali moyo, nkhawa yake ili pa mpira! Ndinalira, ndinakalipa, ndinawanyanyala osawayankhula, zonse pachabe. Usiku ndi usana anali chigonere m'kamizola yawo ija.

Lamulungu lina Misa itatha ndinatsala ndekha m'tchalitchi. Pemphero langa silinali lokoma ayi. Ndinati, Ambuye, munthu uyu ndi wanu, ine wandikwana. Ngati mukufuna mwendowo utsale, tumizani wina amene angamumvere, chifukwa ine sandiyesa kanthu.

M'mawa mwake ndinapeza kamizola ija ili pachingwe, poti ndinali nditawavula n'kuichapa. Ndi ukali ndinaithothola, n'kuipinda nkhata, n'kusenzapo dengu langa la kachewere. Mumtima ndinati igwireko ntchito kamodzi chibadwire chake. Nditafika pamsika n'kutula, nkhata ija inagwa n'kufunyululuka. Bambo wina wachikulire amene ankasankha kachewere anaitola, n'kuwerenga dzina lija mokweza osapunthwa, ngati akuitana mdzukulu wake.

Anali a Bernardo, enfermeru, kapena kuti namwino, wopuma pantchito. Anandiuza kuti ali mnyamata anatumizidwa kudziko lomwelo kukaphunzira ntchito ya chipatala, ndipo mpira wa kumeneko amautsatirabe. Anangofunsa kuti mwini kamizolayi ndani, ine zonse zinakhuthuka, misozi ili chuchuchu pakati pa msika. Sanagulenso kachewere. Anandikweza pa njinga yawo yamoto, ulendo wa kunyumba.

Atamasula sanza ija nkhope yawo inasintha, koma sanakalipe. Anakhala pampando n'kuyamba kucheza za wosewera uja, za mzinda umene anakulira, za kuzizira kwa kumeneko. Amuna anga maso anayera koyamba chivulalire. Kenako a Bernardo anati: «Achimwene, osewera a kumeneko nawo amavulala. Mukuganiza kuti amawatema mphini? Amagona pabedi la chipatala n'kumvera, n'chifukwa chake amabwereranso m'kampu. Inu mwa munthuyu mwangotengako dzina lokha?»

Kenako ndinamva amuna anga akuti: «Mayi a Rozita, konzani bulangete, tizipita.»

Abale, ndinafuna kuseka, ndinafunanso kuwaponya mtondo. Mawu omwewo ndinawanena mpaka kukhosi kuuma, koma anafunika adzere ku Cheki kuti alowe m'khutu! Kuchipatala madokotala anati tikanachedwanso pang'ono chilonda chikanalowa m'fupa, ndipo akanadula ndithu. Anachikhula, anawagoneka nthawi yaitali, ine ndikugona pansi pambali pawo. Mwendo unatsala.

Lero amatsimphina pang'ono, mpira anasiya, koma kumunda amapita ndi miyendo yawo iwiri. Za wosewera uja sanaleke, amandiuzabe kumene wasamukira ngakhale sindinafunse. Ndimangopirira, poti Ambuye anadzera momwemo. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso a Bernardo amene anasiya zawo chifukwa cha mlendo.

Inu amene muli ndi wodwala wamakani pakhomo, musatope naye mpaka kumutaya. Pempherani ngakhale mutakwiya, langa lija linali laukali koma linamveka. Tsiku lina a Jeronimo anandipempha kuti ndiwabwezere kamizola yawo. Ndinawauza kuti Mulungu anaipatsa kale ntchito, ndipo mpaka lero ndi nkhata yanga.