Mabuloko a Mchombo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni kuchokera kuno ku Nangongwe. Ndisanayambe nditchule mboni zanga, chifukwa ena amati ndimathira mchere wambiri pa nkhani. Woyamba ndi mkazi wanga, Amake Joyce, amene sangandikondere popeza amene anandipereka ndi mlongo wake weniweni. Wachiwiri ndi Ba Mweemba, mdala wopuma ntchito ku fakitale ya feteleza. Yachitatu ndi ndowa yabuluu. Ilipo mpaka lero, bwerani mudzaione.

Ine ndimaumba mabuloko a dothi, aja osaotcha, ongosakaniza ndi simenti pang'ono n'kufinya pa makina. Bungwe lina la mpingo linaganiza zomanga nyumba za okalamba m'njira ya ku Chanyanya, ndipo linafuna mabuloko osatha mitengo, magetsi a sola ndi mathanki a madzi a mvula. Ntchito yomanga anaipeza mlamu wanga, Ba Zulu. Anabwera kwathu, anadya nshima yanga, nati, "Bamulamu, imwe pangani chabe mabuloko. Ba kanso bakabwela kuona manyumba na kusaina, ndimwe oyamba kulandila."

Ndinaumba mpaka mizere ya m'zala zanga inafufutika, foni yanga n'kusiya kundizindikira. Sindikunama.

Mvula yoyamba itagwa, khoma la nyumba yakumapeto linagwa nayo. Ba kanso, aja oyendera zomanga, anaitanitsa msonkhano pamalopo. Mlamu wanga anaimirira atavala jekete yanga, imene ndinamubwereka m'mawa womwewo kuti aoneke bwino pamaso pa akuluakulu. Anati, "Vuto ni mabuloko. Nenze kubauza bamulamu kuti bazifaka simenti, koma mudziba mwekha nkhani za pabanja." Sanandiyang'ane n'komwe. Ine ndinangoyang'ana batani lachiwiri la jeketeyo, limene Amake Joyce anasoka ndi ulusi wofiira.

Ba kanso anaimitsa ntchito kuti afufuze, ndipo sanalakwe, chifukwa m'nyumbazo mukanagona makolo athu. Koma malipiro anga anaima pomwepo, dzina langa n'kugwa pamodzi ndi khomalo. Pamsika anayamba kunditcha Ba Phala, akuti mabuloko anga ndi phala. Munthu wina anabweza oda ya khola la nkhuku, akuti nkhuku zake nazonso zili ndi moyo umodzi.

Abale, njala inatilowera. Kapenta mmodzi tinamudya masiku atatu: Lolemba kumuyang'ana, Lachiwiri kumununkhiza, Lachitatu mphaka anamuba. Ndinaonda moti udzudzu wa mu Kafue unkanditera, n'kufufuza, n'kuuluka ukupukusa mutu. Mulungu anali pomwepo, anaona. Koma chimene chinkandipweteka si njala ayi. Ba Zulu ndine ndinawaphunzitsa kugwira chipande chomangira, ndine ndinawaperekeza kokafunsira mbeta. Mkazi wanga analira pakati pa mwamuna ndi mlongo wake, osadziwa koyang'ana.

Pemphero langa linafupika mpaka linatsala mawu ochepa: "Ambuye, mukudziwa matumba a simenti amene ndinatsegula. Lankhulani ndinu."

Ambuye analankhula kudzera mwa Ba Mweemba. Mdalayu analembedwa kuti adzalowa m'nyumba yakumapeto yomweyo, choncho ankabwera tsiku lililonse ndi kampando kake kudzalondera chipinda chake, ngakhale Lamlungu, popeza iye amapemphera Loweruka. Ba kanso atabweranso ndi mayi wina injiniya, mdalayo anakweza ndodo.

"Ba madamu, yanganani mchombo."

"Mchombo wa ndani, ba shikulu?"

"Wa mabuloko! Ya uyu Phala yonse yali na mchombo. Aya yanagwa yalibe."

Ndikufotokozereni. Makina anga ali ndi bawuti imodzi yotulukira mkati, ndipo imasiya kadzenje pakati pa buloko iliyonse. Zaka zonsezi ndakhala ndikuchita nayo manyazi. Kawiri konse ndinasunga ndalama yokaikonzetsa kwa owotcherera, kawiri konse ndalamayo inathera ku sukulu ya ana.

Mayi uja anatembenuza mabuloko a khoma logwalo. Osalala onse ngati mimba ya chule. Anatola imodzi, natolanso yanga ya mchombo pa mulu, naziika m'ndowa yabuluu ija yodzaza madzi. Tisanamalize kupatsana moni ndi akuluakulu, yosalalayo inali itasanduka phala lenileni. Yanga inatuluka yonenepa kuposa mmene inalowera. Ilipo pakhonde panga, tikukhalira.

Ba Mweemba anamaliza nkhani yonse. Mabuloko osalalawo ankabwera Lamlungu m'mawa pa kathiraki, ife tili ku tchalitchi, mlamu wanga atatumiza uthenga woti m'mimba mwamuvuta. Ankagula otchipa opanda simenti kwina, anga ena n'kumagulitsa. Atafunsidwa, anangoti, "Bamulamu, ni Satana." Ndinati, "Satana avala saizi yanji? Bwezani jekete."

Ba kanso analamula kuti khoma limangidwenso ndi womanga wina, ndipo bungwe lija linalonjeza kundilipira ine mwini, osadzera m'thumba la wachibale. Mlamu ndinamukhululukira monga Mawu anenera, koma kunena zoona ndimamukhululukiranso m'mawa uliwonse, chifukwa pofika madzulo zimakhala zitabwerera.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanalole kuti ndikonze bawuti ija. Inu amene mukunamiziridwa lero, limbikani, musaleke kupemphera. Mwina chilema chimene mukubisa ndicho mboni yanu.

Lachisanu lapitali ndili pa makina, foni inalira m'thumba. Chala changa inachikanabe, ndiye anatsegula ndi Amake Joyce. Anawerenga uthengawo kawiri, nakhala pa buloko ya mchombo ija.

"Atate ake Joyce," anatero, "ndalama zalowa."